Dunduzu Chisiza, mnyamata amene adachenjeza dziko lisanabadwe

Anzanga, mwezi uno pa tsamba lathu la mbiri ya anthu akale tikambe za munthu amene dzina lake ambiri mudalimvapo, koma mumamusokoneza ndi mwana wake. Mukamva zoti Du Chisiza, maganizo amathamangira kwa katswiri wa zisudzo uja wa gulu la Wakhumbata. Ayi, lero tikunena za bambo ake, a Dunduzu Kaluli Chisiza, amene adamwalira mwana wawoyo asanabadwe n'komwe.

Ndawasankha dala. M'dziko muno munthu amawerengedwa kuti ndi wachinyamata mpaka zaka 35, ndipo a Dunduzu adamwalira ali ndi zaka 32 zokha. Ndiye kuti akadakhala kuno lero, bwenzi tikuwalemba m'kaundula wa kalabu yathu, n'kumawakumbutsa za ndalama ya umembala ngati wina aliyense. Koma pa zaka zochepazo adali atayambitsa gulu la ndale m'dziko la eni, atathamangitsidwako, atakhala m'ndende, atalemba timabuku tiwiri, komanso atagwira nawo chuma cha dziko.

Adabadwa pa 8 August 1930 m'mphepete mwa nyanja kumpoto, m'boma la Karonga, dera limene azungu ankalitcha Florence Bay. Bambo awo adali mfumu. Sukulu adayambira ku Uliwa n'kupita ku Livingstonia, koma mu 1949 adaisiya asanafike nayo patali. Adalowera ku Tanganyika komwe adagwirako ukalaliki ku ofesi ya apolisi mu Dar es Salaam, kenaka n'kupitirira ku Uganda kukayambiranso sukulu pa Aggrey Memorial College. Kumeneko adalowa chipembedzo cha Baha'i, mpaka mu 1953 adapita nawo kukachifalitsa ku Ruanda-Urundi, komwe lero ndi maiko awiri a Rwanda ndi Burundi. Mwana wa zaka 23 ameneyo, atayenda kale maiko atatu. Ife tikangofika pa Chipata timabwerako tikuyankhula ngati tachokera kutsidya la nyanja.

Nkhani yeniyeni ikuyambira ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Mufunse agogo anu, pafupifupi mudzi uliwonse kuno uli ndi munthu amene adapita ku Halale kukasaka ntchito, ena osabwerako, aja timawatcha matchona. Nthawi imeneyo Mchinji ankatchedwa Fort Manning, Chipata ali Fort Jameson, ndipo kuyambira 1953 Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia adali atamangidwa mtolo umodzi m'chitaganya chimene anthu akuda sadachifune. A Dunduzu adali mmodzi mwa Anyasa ambirimbiri amene adatsikira kumwerako, koma iwo ntchito adaipeza pamalo pachilendo: ku ofesi yoimira boma la India, monga kalaliki ndi womasulira.

Pamenepa tiimepo pang'ono, chifukwa India wa nthawi imeneyo sadali dziko wamba kwa mnyamata wa mu Africa. Dzikolo lidali litangochoka m'manja mwa Britain mu 1947, Britain yemweyo amene ankatilamula ife. Nduna yaikulu Jawaharlal Nehru idayamba mu 1951 kuyendetsa chuma pa mapulani a zaka zisanuzisanu, ndipo mu 1955 chipani chake chidagwirizana zoti dziko litsate njira ya sosholizimu, kutanthauza kuti chuma chachikulu chizipindulira anthu onse osati mabanja owerengeka. Andale ambiri kumeneko adali anthu a mabuku. Chitsanzo ndi Acharya Narendra Deva, amene adali mmodzi mwa oyambitsa gulu la sosholizimu mu 1934, adamangidwapo kangapo ndi atsamunda, kenaka n'kudzakhala mkulu wa yunivesite ya Lucknow ndi ya Banaras. Ine ndimaona ngati mpweya umenewu udawalowa a Dunduzu. Kwa iwo ndale sizidali kukuwa pa msonkhano pokha. Munthu wofuna ufulu ankayeneranso kukhala pansi n'kuwerengera kuti ufuluwo ukabwera anthu adzadya chiyani.

Mu August 1955, pamodzi ndi James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole, adayambitsa gulu lotchedwa City Youth League. Mwamva dzinalo? Gulu la achinyamata, ngati lathuli. Kusiyana kwake n'koti iwo ankalimbana ndi malamulo a zitupa, ndi lamulo logawa malo limene lidapereka nthaka yachonde kwa azungu, ndiponso ndi akuluakulu ena achikuda amene ankaona ngati kumwa tiyi ndi azungu ndiye ufuluwo. Mu 1956 gululi lidatsogolera anthu kunyanyala mabasi chifukwa cha kukwera kwa mitengo. Tisabise, kunyanyalako kudathera m'ziwawa, ndipo amayi ena okhala pa hositelo ina adagwiriridwa ndi anyamata a m'chipwirikiticho. Chaka chomwecho boma la Southern Rhodesia lidawathamangitsa a Dunduzu kuti abwerere kwawo. Gulu limene adasiyalo lidaphatikizana ndi anzawo a ku Bulawayo mu 1957 n'kukhala chipani cha African National Congress chotsogoleredwa ndi Joshua Nkomo. Choncho mukamawerenga mbiri ya ufulu wa Zimbabwe, kumayambiriro kwake mupezako mwana wa ku Karonga.

Atabwerera kumudzi adathandizako pa butchala ya banja lawo, kenaka mu 1957 adapeza mwayi wopita ku Fircroft College mu mzinda wa Birmingham ku England. Iyi sidali yunivesite. Idali sukulu ya anthu akuluakulu apantchito amene adaphonya maphunziro ali ana. Kumeneko adaphunzira za chuma, za ndale ndi za kakhalidwe ka anthu. Digiri sadakhale nayo mpaka imfa yawo. Izi ndikunenera inu amene MSCE idakukanani ndipo mudangoti basi zanga zada.

Tsono kuno kumudzi zinthu zinkatentha. Anyamata a Nyasaland African Congress, makamaka Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, adaona kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangamvere ana. Pankafunika munthu wa imvi, wophunzira, woti azungu amuope. Adaitana Dr Hastings Kamuzu Banda, amene adatera pa Chileka pa 6 July 1958 atakhala kunja zaka zoposa 40. Anyamatawo adachita kupangana kuti amukweze ngati mpulumutsi, ndipo adamukwezadi. Pa msonkhano wa ku Nkhata Bay mu August chaka chomwecho, Kamuzu adasankhidwa kukhala mtsogoleri, n'kupatsidwanso mphamvu yosankha yekha komiti yonse. A Dunduzu adasiya sukulu ku England kudzakhala mlembi wamkulu wa chipani. Mkulu wawo Yatuta, amene adali wapolisi ku Tanganyika, adakhala womuteteza Kamuzu.

Musaiwale mfundo iyi ya mphamvu yosankha yekha komiti, tibwereranso.

A Dunduzu adali katswiri pa kulinganiza zinthu. Adayenda m'maboma kutsegula nthambi, ndipo pa miyezi yochepa chipani chidafalikira ngati moto wa lupsa. Mu January 1959 atsogoleri adachita msonkhano wa m'tchire pafupi ndi Limbe, ndipo boma lidafalitsa zoti kumeneko adapangana zopha azungu. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu oposa 1,000 adamangidwa, oposa 50 adaphedwa, ena mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Pambuyo pake bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza Patrick Devlin lidapeza kuti chiwembu chopha azungu onse chija padalibe, ndipo lidanena poyera kuti Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi.

Kamuzu, Chipembere ndi a Chisiza awiriwo adatumizidwa ku ndende ya Gwelo, lero Gweru, ku Southern Rhodesia komwe a Dunduzu adathamangitsidwa kuja. Adalowanso dzikolo, koma ulendo uno pa unyolo. Ndende imeneyo adaisandutsa kalasi. Ankawerenga, kutsutsana, ndi kujambula Malawi amene kudalibe. Maloto atatu otchuka a Kamuzu, oti likulu lisamukire ku Lilongwe, kuti kukhale msewu wa m'mbali mwa nyanja, ndi kuti dziko likhale ndi yunivesite yakeyake, amatchedwa maloto a ku Gwelo chifukwa cha nthawi imeneyi. A Dunduzu adalimbikira mabuku a zachuma. Kamuzu adatuluka pa 1 April 1960, koma anyamatawo adawasunga mpaka September, chifukwa azungu ankawaopa iwowo kuposa mdalayo. Potuluka adapeza Orton Chirwa ndi Aleke Banda atayambitsa kale Malawi Congress Party m'malo mwa chipani choletsedwa chija, ndipo a Dunduzu adakhalanso mlembi wamkulu.

Mu 1961 adapita ku India, dziko lomwe adaligwirirapo ntchito asanalione. Ali komweko adachita nawo zionetsero zokwiya ndi kuphedwa kwa Patrice Lumumba wa ku Congo. Chaka chomwecho timabuku tawo tiwiri tidatuluka: Realities of African Independence ku London, ndi Africa: What Lies Ahead ku New Delhi.

Zimene zili m'timabukuti ndi zomwe zandichititsa kulemba nkhani yonseyi. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo aliyense ankangoimba za ufulu. Ghana idali itamasuka mu 1957, maiko 17 adamasuka mu 1960 mokha, ndipo anthu ankakhulupirira kuti mzungu akangonyamuka mavuto onse anyamuka naye. Mnyamata wa zaka 30 uyu adakhala pansi n'kulemba za matenda amene adzagwire atsogoleri akuda okhaokha. Adatchula khalidwe lodyetsa abwenzi ndi kulanga otsutsa. Adatchula kukondera achibale pa ntchito. Adatchulanso atsogoleri amene amangokhalira kukamba za mmene adavutikira pomenyera ufulu, m'malo moyang'ana ntchito ili patsogolo, ndi kaduka ka pakati pa atsogoleri okhaokha. Mukamawerenga mungaganize kuti munthuyo adali ndi wailesi yomvera nkhani za chaka chino.

Pa za chuma sadali munthu wa mbendera ya Moscow kapena ya Washington. Ankaona kuti mphamvu ya anthu a mu Africa ili pa kuthandizana, kuti kwathu kuno munthu amayamba ndi ife asanafike pa ine, ndipo ankafuna chitukuko chimangidwe pa maziko amenewo, boma likutsogolera ndi mapulani. Kuno ku Mchinji sitifunika kutanthauziridwa zimenezi. Amene mudagulitsapo mtedza kapena soya panokha kwa venda wa sikelo yokayikitsa, kenaka n'kudzagulitsa pagulu kudzera ku kopaletivi, kusiyana kwake mukukudziwa. Koma sadalinso munthu wokana ndalama zakunja chifukwa cha mkwiyo. Ngongole yomangira chinthu chooneka ankailandira.

Ndipo mfundo imene imandisowetsa tulo ndi ya ulamuliro wankhanza. A Dunduzu adati zinthu zitatu ndi zimene zingabale wolamulira mwankhanza mu Africa. China ndi dyera la mtsogoleri amene mpando wamulowa m'magazi ngati matenda. China ndi kusakhulupirirana, pamene mtsogoleri akuona mdani paliponse n'kuyamba kutseka anthu pakamwa kuti adziteteze. Ziwirizi tonse timazidziwa. Koma chimene adachiika patsogolo ndi kukhulupirira mtsogoleri mopyola muyeso. Apa wolakwa si mtsogoleri yekha ayi, ndi ife omutsatira. Timamukonda, timasiya kumufunsa, amene wafunsa timamutcha woukira, ndipo pofika tsiku loti tazindikira, mphamvu yomufunsira ija tidaipereka kale ndi manja athu.

Tsono bwererani ku Nkhata Bay kuja. Amene adalemba zimenezi ndi mlembi wamkulu wa chipani chomwe chidapatsa munthu mmodzi mphamvu yosankha komiti yonse, chipani chomwe mu 1960 chidamupanga munthu yemweyo kukhala mtsogoleri wake wamuyaya. A Dunduzu sadali mlendo woonera patali. Adali m'kati, adamanga nawo nyumbayo, ndipo ming'alu ankaiona ali m'katimo. Ena amati pamenepa adali wachinyengo. Ine sindikuona choncho. Ndikuona munthu amene adakhulupirira kuti chitaganya sichingagwe popanda mtsogoleri mmodzi wamphamvu, n'kumayembekeza kuti akadzapambana adzatha kumubweza pang'onopang'ono. Ankasiyanitsa mtsogoleri wamphamvu, amene amamverabe malamulo ndi anzake, ndi wolamulira mwankhanza amene lamulo ndi iye mwini. Vuto n'loti mzere wa pakati pa awiriwa umaoneka bwino pa pepala kusiyana ndi pa bwalo la msonkhano pamene amayi akuvina, anyamata akuimba.

Ndipo tisanamizane, aise, matendawa sali ku Lilongwe kokha. Ngakhale m'magulu ang'onoang'ono ngati athuwa, tcheyamani akakhala wokondedwa timachita manyazi kufunsa za buku la ndalama. Nyengo ya kampeni ikafika, ndi ife achinyamata amene timapakidwa penti, kukwezedwa pa lole, n'kupatsidwa ya sopo kuti tikakuwize amene wafunsa funso.

Pa chisankho cha August 1961 a Dunduzu adapambana mpando wa Karonga, ndipo adasankhidwa kukhala wachiwiri ku unduna wa zachuma, pansi pa mzungu Henry Phillips. Awiriwa adagwirizana kwambiri, ndipo zidali zoonekeratu kuti nduna ya zachuma yoyamba ya Malawi idzakhala ndani. Koma kusamvana ndi Kamuzu kudayamba kuonekera. Nkhani ina idali ya magetsi a pa mathithi a Nkula mu mtsinje wa Shire. Ndalama zomangira zikadadzera ku boma la chitaganya, ndipo Kamuzu sankafuna kumva chilichonse chonunkha chitaganya. A Dunduzu ankaona kuti dziko lopanda magetsi silingamange fakitale. Onse awiri adali ndi mfundo, kunena zoona. Koma zidaonetsa kuti mnyamatayu ankatha kumuuza mdalayo kuti apa ayi, chinthu chimene anthu ochepa okha ankayerekeza. Magetsi a Nkula adadzayaka mu 1966, iwo kulibe.

Mu July 1962 adaitanitsa msonkhano waukulu wa zachuma mu Blantyre, ndi thandizo la Ford Foundation. Akatswiri ndi mapulofesa ochokera m'maiko osiyanasiyana adakhala masiku angapo kukambirana za mmene dziko losauka, lopanda nyanja yamchere, lopanda migodi ikuluikulu lingadzukire. Dziko lidali lisanakhale ndi yunivesite, moti kwa masiku amenewo msonkhanowo ndiwo udali ngati yunivesite yathu, ndipo woutsogolera adali munthu wopanda digiri uja. Iye mwini adayankhulapo, n'kubwereza chenjezo lake lija la ulamuliro wankhanza pamaso pa alendo ndi atsogoleri anzake. Alendowo adabwerera kwawo akumutama. Kutamidwa kotere, pa chipani chimene chidazolowera kutama munthu mmodzi, si chinthu chimene aliyense adachikondwerera.

Pasanathe miyezi iwiri, pa 3 September 1962, galimoto yawo ya mtundu wa Mercedes idapezeka itagwera pansi pa mlatho wa Thondwe, pa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba. A Dunduzu adali atamwalira. Kafukufuku wa boma adapeza kuti idali ngozi ndipo adasweka chigaza. Koma manong'onong'o adayamba tsiku lomwelo ndipo sadathe mpaka lero. Ena ankaloza azungu a chitaganya, ena ankaloza m'chipani momwemo. Palibe amene adazengedwapo mlandu.

Zotsatira zake mukuzidziwa, koma tazionani motsatana. Ufulu udabwera pa 6 July 1964. Pasanathe miyezi itatu nduna zidasemphana ndi Kamuzu, zina zidachotsedwa, zina zidatula pansi udindo. Chipembere, Chiume, Orton Chirwa ndi Yatuta Chisiza, anthu omwe adamukweza aja, onse adathera kunja kwa dziko. Mu 1966 Malawi adakhala dziko la chipani chimodzi. Mu October 1967 Yatuta adalowa m'dziko ndi kagulu ka anthu onyamula mfuti kudzera cha ku Mwanza, ndipo adaphedwa ndi asilikali. Mu 1971 Kamuzu adakhala mtsogoleri wa dziko wamuyaya. Dzina la Chisiza lidasanduka loti ukalitchula uyambe wayang'ana kumbuyo.

Ndipo mbali ina ya nkhaniyi idachitikira pakhomo pathu pompano. Pa 24 December 1981, Orton Chirwa, amene mu 1961 adali wachiwiri ku unduna wa zamalamulo pamene a Dunduzu adali ku zachuma, adagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera ndi mwana wawo m'dera la malire athu ano. Boma lidati adagwidwira mbali ya Mchinji atalowa okha. Iwo adati adachita kubedwa kuchokera mbali ya Zambia, cha ku Chipata. Mu 1983 khoti la mafumu lidawagamula kuti aphedwe, chilango chomwe pambuyo pake chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton, loya woyamba wachikuda m'dziko muno komanso woyambitsa chipani chomwe chidamumangacho, adafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Vera adatulutsidwa mu January 1993, patatsala miyezi yochepa kuti Amalawi avote pa riferendamu ya pa 14 June.

Mwana uja tidayamba naye, Du Chisiza Junior, adabadwa mu March 1963, patatha miyezi isanu ndi umodzi bambo ake ataikidwa m'manda. Adakula n'kuyambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, ndipo masewero ake ankabaya akuluakulu mozungulira pa nthawi imene kubaya molunjika kudali kuitana imfa. Chodabwitsa n'choti mu 1993 adavomera kukhala nduna m'boma lomaliza la Kamuzu yemweyo, ndipo anthu amatsutsanabe ngati adachita bwino. Adamwalira mu February 1999 ali ndi zaka 35, kuposa bambo ake ndi zaka zitatu zokha.